Foni ya m'nyumba yodzera pa intaneti: ndilipire kapena ndingoisiya?

NaPhiri_Leicester
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. Kontrakiti yathu ya intaneti kuno ku Britain ikutha mwezi wamawa, ndiye kampani yatilembera kalata kuti foni ya m'nyumba sidzagwiranso ntchito pa soketi ya pakhoma ija. Akuti tizidzailumikiza kumbuyo kwa rauta (kabokosi kobweretsa intaneti m'nyumba), mawu azidzadutsa pa intaneti. Atipatsa zosankha ziwiri: intaneti yokha, kapena intaneti pamodzi ndi foni koma tiziwonjezera ndalama pamwezi. Bambo a kunyumba akuti tingoitaya, popeza amene amaimbapo masiku ano ndi otsatsa malonda okhaokha. Ine mtima ukukana. Ana amafika kuchokera kusukulu ife tisanaweruke, ndipo wamkuluyo sitinamugulire foni ya m'manja. Komanso amayi anga ku Ntcheu ali ndi kafoni ka mabatani, WhatsApp palibe, ndiye ndimaganiza kuti mwina foni yodzera pa intanetiyi ingachepetse mtengo woimbira kumudzi. Amene muli nayo, ndi yothandiza kapena ndikungotaya ndalama?

Chitedze77
Tayani basi. Ndani akuimbanso lamya masiku ano?

MayiAwiri_Luton
A Chitedze, mwawerenga zonse koma? Munthu wanena za ana. Si aliyense amene akufuna kupatsa mwana wa zaka 11 foni yokhala ndi TikTok. Ine yanga ndinaisunga pa chifukwa chomwecho, ndipo ana akafika amandiimbira kuti tafika, chakudya tachiona. Mtima umakhala m'malo.

Chitedze77
Kafoni ka mabatani kokhala ndi SIM yongothira mayunitsi kamagwira ntchito yomweyo. Mumakasiya pa tebulo, TikTok mulibemo.

MayiAwiri_Luton
Kamasowa m'mipando, kamatha batire, mwana amakatenga kupita nako kwa mnzake. Foni yanthambo sichoka pamalo pake.

Injiniya_Wopuma
Mayi NaPhiri, ndiyambe ndi kukumasulani pa chinthu chimodzi: si kampani yanu yokha imene ikuchita izi, ndipo sikuti akukuberani. Dziko lonse la Britain likuzimitsa netiweki yakale ya mafoni a nthambo zamkuwa. Openreach, kampani yosamalira nthambozo, inasiya kugulitsa mizere yatsopano ya mtundu wakalewo mu Seputembala 2023. Poyamba anati zonse zidzakhala zitatha pofika Disembala 2025, kenako BT, kampani yaikulu ya mafoni kuno, inasuntha tsikulo kufika kumapeto kwa Januwale 2027. Choncho foni yakale ija ikupita ndithu, kaya mufune kaya musafune. Chimene mungasankhe ndi chakuti mukhale ndi foni yodzera pa intaneti kapena mukhale opanda foni ya m'nyumba.

Tsopano kusiyana kwenikweni kuli pa magetsi. Mzere wakale unkabwera ndi mphamvu yakeyake kuchokera ku ekisichenji (nyumba ya kampani kumene mizere ya mafoni imakumana), pafupifupi mavoti 50, ndipo kumeneko kunali mabatire ndi majenereta. N'chifukwa chake magetsi akathima, foni yachingwe inkalirabe. Yatsopanoyi imadalira rauta yanu. Rauta ikazima, foni yafa. Ngati muli pa faiba (nthambo zatsopano za intaneti) yofika m'nyumba momwe, palinso kabokosi kena kapakhoma komwe nakonso kamafuna magetsi. Intaneti ikangoduka, ngakhale magetsi alipo, foni yafanso.

Ofcom, bungwe loyang'anira za mafoni kuno, inalamula makampani kuti munthu amene amadalira foni ya m'nyumba yokha, monga wopanda foni ya m'manja kapena wokhala kumene netiweki sigwira, azimupatsa njira yoimbira 999, nambala ya zangozi, kwa ola limodzi kapena kuposerapo magetsi akathima, ndipo kwa anthu oterewa ndi yaulere. Nthawi zambiri limakhala batire lolumikiza ku rauta. Koma sangadziwe za pakhomo panu mukapanda kuwauza. Afunseni.

Pa kamvekedwe musade nkhawa. Kuyankhula pa foni kumadya intaneti yochepa kwambiri, pafupifupi makilobiti 100 pa sekondi. Chimene chimaononga mawu ndi intaneti yodukaduka, osati yochedwa.

WakuDedza
Ola limodzi lokha? Kunotu magetsi sathimathima, koma akathima chifukwa cha mphepo amatha tsiku lonse.

Injiniya_Wopuma
Zoona a WakuDedza. Namondwe wa Arwen mu Novembala 2021 anasiya nyumba zina kumpoto kwa England ndi ku Scotland mumdima kupitirira sabata. Anthu amene anali atasamutsidwa kale anapezeka opanda foni, ndipo mu Malichi 2022 BT inayamba yaimitsa kaye kusamutsa anthu. Komanso musaike chikhulupiriro chonse pa foni ya m'manja, chifukwa nsanja za netiweki nazo zimayendera magetsi ndipo mabatire ake amatha. Kwa a mumzinda ngati Leicester chiopsezo n'chochepa. Kwa a kumidzi ndi nkhani ina.

Nesi_wa_Usiku
Ndilowepo pano chifukwa ambiri pagulu lino timagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Mumaona timabatani tofiira timene agogo amavala m'khosi kapena pamkono, toti akagwa akanikize kuitana thandizo. Tambiri mwa takale tinapangidwira mzere wakale uja. Mzere ukasinthidwa, tina timagwirabe, tina ayi, ndipo kuipa kwake n'koti kabokosi kake kamaonekabe ngati kali bwinobwino. Nkhaniyi inafika poti mu Disembala 2023 makampani akuluakulu anasainirana pangano ndi boma kuti asamasamutse munthu wokhala ndi kachipangizo kotere asanatsimikize kuti kagwira ntchito.

Ine pa nyumba ina imene ndimapitako ndinapeza rauta yatsopano pa shelefu, agogowo osadziwa n'komwe kuti chasintha n'chiyani. Ndinakanikiza batani kuyesa, osayankhidwa. Tinaimbira ana awo ndi ku ofesi, anabwera kudzakasintha. Chonde anzanga, mukaona zida zatsopano pakhomo pa okalamba amene mumawasamalira, yesani batani lija ndipo lembani mu lipoti. Si ntchito ya amisiri okha.

NaPhiri_Leicester
Zikomo a Nesi, ineyo ndimagwiranso ntchito yomweyo ndipo izi sindinaziganizirepo. Ndikayang'ana mawa. A Injiniya, nanga mbali ya kuimba kumudzi?

KambaWaMulanje
Apo ndiye ndikuyankheni ine, chifukwa ndi pamene ambiri timagwera. Akamatsatsa kuti mafoni akunja ndi otsika mtengo kapena aulere, tsegulani mndandanda wa mayiko muone. Mupezamo America, Canada, India, mayiko a ku Ulaya. Fufuzani +265, mudzapeza kuti ili kwina, pamtengo wa pa mphindi, ndipo si wamasewera. Chifukwa chake sichili kuno ayi. Foni ikachoka kuno iyenera kukalowa mu netiweki ya TNM kapena Airtel, ndipo pakhomo polowera ku Malawi pali mtengo wake umene kampani iliyonse yakunja iyenera kulipira. Intaneti imangochepetsa mtengo wa ulendo wapakati, koma pachipata mulipirabe. Ndiye ngati cholinga chachikulu ndi kuimbira amayi ku Ntcheu, foni ya m'nyumbayi sikupulumutsani. Yerekezani mtengo wake wa pa mphindi ndi wa ma SIM ngati Lebara ndi Lycamobile, kapena ma app ngati Rebtel ndi Talk360. Onaninso ngati pali ndalama imene amadula foni ikangolumikizana, chifukwa kumudzi netiweki imaduka, ndipo kuimbanso kulikonse amadulanso.

Mlamu_Leeds
Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi kugulira mdzukulu wina kumudzi foni yamakono n'kumamutumizira bandulo ya WhatsApp. Lamlungu masana amapita nayo kwa agogo, mumacheza mpaka kutopa, nkhope mukuonana.

NaPhiri_Leicester
Tinayesapo alamu. Mdzukuluyo anapita kusukulu yogonera komweko, foni n'kupita nayo. Komanso pali nkhani zina zimene amayi sangayankhule mwana ataima pambali kudikira foni yake.

WakuDedza
Apo mwanena zoona. Nkhani za matenda ndi za minda sizifuna mboni.

KambaWaMulanje
Chinanso, njira zotchipa kwambiri zija nthawi zina zimaonetsa nambala yachilendo kumudzi, mwina ya ku Malawi komweko imene makolo saidziwa. Bambo anga ankangoiyang'ana ikulira, poopa akamberembere aja amanama kuti atumiza ndalama molakwitsa. Muziwauziratu nthawi imene muimbe.

Mphwanga_wa_Joni
Ine ndikuwerenga kuno ku Johannesburg ndipo nkhani ya ola limodzi ikundidabwitsa. Mu 2023 Eskom, kampani ya magetsi kuno, inkatithimitsira magetsi maola ambirimbiri pa tsiku, ndiye pafupifupi aliyense wokhala ndi faiba anagula kabatire kakang'ono kodyetsa rauta ndi kabokosi kapakhoma. Rauta sidya magetsi ambiri, kabatire kabwino kamaisunga maola angapo. Kuno Telkom nayo yakhala ikuchotsa nthambo zamkuwa, china chifukwa mbava zimazidula kukagulitsa. Gulani kabatire basi achemwali, nkhani ya magetsi yatha.

Injiniya_Wopuma
Malangizo abwino, koma muonetsetse mavoti ndi kukula kwa pulagi zikugwirizana ndi rauta yanu. Ndipo ngati foni yanu ndi ija yopanda chingwe, pokhalira pake pamafunanso magetsi. Sungani yachingwe imodzi yotchipa.

Agogo_aTadala
Ana inu mukundikumbutsa kale. Ife ku Zomba lamya inali ku ofesi ndi m'nyumba za mabwana. Kuti ulumikizidwe unkalembetsa ku positi ofesi n'kudikira mpaka kuiwala. Ena tinkapereka nambala ya kwa aneba, akaimba mwana amathamanga kudzakuitana, iwe n'kupita ukupukuta m'manja. Uthenga wa maliro unkadzera pa telegalamu kapena pa wayilesi ya MBC. Kenako kunabwera timatebulo ta pansi pa ambulera m'misewu, kulipira pa mphindi.

Mlamu_Leeds
Agogo, ine ndinagwirapo ntchito pa katebulo koteroko ku Limbe nditangomaliza Fomu 4. Anthu ankayankhula maso ali pa wotchi.

WakuDedza
Ndipo mpaka lero foni ikalira 4 koloko m'mawa kuno, mtima umangoti phaa, podziwa kuti kumudzi kwacha kale ndipo uthenga wa nthawi imeneyo sukhala wabwino.

Agogo_aTadala
N'chifukwa chake ine ya m'nyumba sindingaitaye. Ya m'manja ndimaitseka mawu usiku chifukwa cha magulu a WhatsApp osagona aja. Abale anga onse akudziwa kuti pakagwa zovuta aimbe ya m'nyumba, imalira nyumba yonse. Anandisamutsa chaka chatha, nambala ndi yomweyo, foni ndi yomweyo, kungoti waya analowa ku rauta. Chimene chinasintha n'choti tsopano ngakhale poimbira mnzanga wa mumsewu womwewu ndiyenera kuyamba ndi manambala a dera. Nambala zimene ndinasunga m'foni mdzukulu wanga anazilembanso zonse.

Chitedze77
Pepani agogo, koma ya m'manja ili ndi njira yoti anthu osankhika okha azidutsa ngakhale mwaitseka mawu. Palibe chifukwa cholipirira mzere wina.

Agogo_aTadala
Mwana wanga, uthenga wa maliro sudziwika kuti ubwera ndi nambala ya yani. Amaimba aliyense amene ali ndi mayunitsi tsiku limenelo.

MayiAwiri_Luton
Tibwerere kwa a NaPhiri, funso lawo lisatayike. Pali amene anayesapo kampani ina yapadera, osati yomwe imakupatsani intaneti?

Fundi_wa_Mawaya
Ine ndi mmene ndinachitira, ndipo ndikuona kuti kwa ambiri ndiye njira yabwino. Pali mitundu iwiri. Woyamba ndi umene a NaPhiri auzidwa: foni ya kampani yomwe ya intaneti, monga Digital Voice ya BT. Ndi yosavuta, mumangolowetsa waya, koma imagwira ndi rauta yawo yokha, ndipo mukafuna kusamukira ku kampani ina muyenera kuyang'ana ngati nayo ili ndi foni, chifukwa makampani ena atsopano a faiba amagulitsa intaneti yokha.

Wachiwiri ndi kutenga nambala yanu kupita nayo ku kampani ya VoIP (mafoni odzera pa intaneti) yoima payokha, monga Voipfone kapena Andrews & Arnold. Mumagula kabokosi kotchedwa ATA, ambiri amagula Grandstream HT801. Mbali imodzi mumalumikiza ku rauta, mbali inayo foni yanu yakale. Mukatero nambala ija yamasuka. Mungasinthe kampani ya intaneti chaka chilichonse, mungasamuke ku Leicester kupita ku Glasgow, nambala ya 0116 ikutsatani. Mungathenso kuiika pa app kuti izilira ndi pa foni ya m'manja. Ndalama ya pamwezi nthawi zambiri imakhala yochepa ngati mumangolandira mafoni, ndipo mumalipira pa zimene mwaimba.

Koma chenjezo lalikulu, ndipo muwerenge kawiri. Ngati intaneti yanu ikadali yomangirizidwa ku mzere wakale wa foni, kuchotsa nambala kumatseka mzere wonse, intaneti n'kupita nawo limodzi. Muyenera kuyamba mwakonza za intaneti yosadalira mzere wa foni, ndipo masiku agwirizane. Musathamangire kuthetsa nokha kontrakiti musanapemphe kusamutsa nambala. Lamulo limakupatsani mwezi umodzi woti muitengebe mutachoka, koma kuithamangitsa pambuyo n'kovuta kuposa kuisamutsa idakali yamoyo.

Chachiwiri, lembetsani adiresi yanu yeniyeni ku kampaniyo. Mwana akaimba 999 n'kulephera kufotokoza kumene ali, oyankha amaona adiresi imene inalembetsedwa. Mukasamuka nyumba, kasintheni tsiku lomwelo.

NaPhiri_Leicester
A Fundi, zikumveka bwino koma ine za makompyuta ndi zapatali nane. Kabokosiko ndingakathe ndekha?

Fundi_wa_Mawaya
Makampani ena amakatumiza atakakonzeratu, inu n'kungolumikiza. Mukagula panokha muyenera kulowetsa dzina la akaunti, mawu achinsinsi ndi adiresi ya seva yawo. Vuto lofala ndi loti foni ikulira koma mawu akumveka mbali imodzi yokha. Kawirikawiri ndi kanthu kena mu rauta kotchedwa SIP ALG, mukakazimitsa zimatheka. Ndinene mosabisa: ngati pakhomo palibe munthu wokonda kutokosa zoterezi, tengani ya kampani yanu ya intaneti. Zikavuta mumaimbira malo amodzi. Mukakhala ndi makampani awiri, aliyense amaloza mnzake.

Injiniya_Wopuma
Ndikugwirizana nazo, ndingowonjezera kuti amene ali ndi alamu ya mbava yoimba yokha, kapena kamakina kolipirira ndi khadi kodzera pa mzere wa foni, afunse kaye amene anawaikira.

Zitumbuwa_Notts
Ine ndimaphika zakudya za m'maukwati ndi m'zinkhoswe. Nambala ya 0115 ili pa timapepala tanga tonse ndi pagalimoto. Makasitomala achikulire, makamaka azungu ndi a kumipingo, amakhulupirira nambala ya m'dera kuposa ya m'manja yoyamba ndi 07. Kwa ine ndalamayo imabwerera yokha. Koma dziwani kuti timauthenga ta manambala achinsinsi tochokera kubanki tizipitabe ku foni ya m'manja, musalembetse ya m'nyumba pa zimenezo.

Ku_Dallas
Kuno ku America tinazolowera kale. Pali Ooma, magicJack, Vonage. Ooma umagula kabokosi kamodzi kenako mwezi ndi mwezi umangolipira misonkho, kuimba m'dziko muno n'kwaulere. magicJack umalipira pachaka. Nkhani ya adiresi ndi chimodzimodzi pa 911, nambala ya zangozi kuno. Koma a Kamba anena zoona, kuimba ku Malawi ndi bilu yapadera kulikonse. Ine ndinkadalira Skype kuimbira mafoni a kumudzi mpaka Microsoft inaitseka mu Meyi 2025. Kuchokera pamenepo sindiika ndalama zambiri nthawi imodzi mu akaunti ya kampani iliyonse.

Funso langa kwa a Fundi: kabokosi kameneka nditakatumiza kwa makolo ku Area 25, sangamandiimbire ngati ali kuno?

Fundi_wa_Mawaya
Zimatheka ndi kampani yoima payokha, chifukwa kabokosi sikasamala kuti kali dziko liti, bola intaneti. Nambala imakhalabe ya ku America, inu mukaiimbira mumalipira ngati foni ya m'dera. Werengani kaye malamulo a kampaniyo ngati amalola. Koma pafunika intaneti yokhazikika m'nyumbamo usana ndi usiku, ndi magetsi osadukiza. ESCOM ikathimitsa, rauta ndi kabokosi zonse zagona, pokhapokha pali sola kapena batire. Starlink inafika ku Malawi mu 2023 ndipo ingathe kunyamula zimenezi, koma nyumba imene yakwanitsa zonsezo ili kale ndi WhatsApp. Phindu lake lingakhale kwa kholo limene manja kapena maso salola kugwiritsa ntchito foni yotsetsereka, loti likufuna kungonyamula n'kuyankha. Muwauzenso kuti foni imeneyo si yoitanira apolisi kapena ambulansi kumeneko.

Chitedze77
Ndiye mwaona, pamapeto pake zonse zikubwerera ku WhatsApp ndi foni ya m'manja.

KambaWaMulanje
Pa kuimba kumudzi, inde, mwapambana. Pa ana ndi pa agogo, ayi.

Nesi_wa_Usiku
China chimene ndaiwala. Akuba apezerapo mwayi pa kusinthaku. Amaimbira okalamba kuti ndife a kampani ya foni, lipirani lero apo ayi tikudulani, kapena tipatseni manambala a khadi. Kusamutsidwa kuchoka pa mzere wakale sikulipiritsidwa. Wina akaimba motero dulani, ndipo ngati mwatchula kale za kubanki imbani 159, imakulumikizani ndi banki yanu. Ya magetsi akathima ndi 105. Ine ndinalemba ziwirizi pamodzi ndi 999 pa pepala n'kumata pafiriji kuti ana aziona.

MayiAwiri_Luton
Pa otsatsa malonda amene bambo a kunyumba kwanu akudandaula, lembetsani nambala ku Telephone Preference Service, mndandanda wa anthu okana mafoni otsatsa malonda, ndi zaulere. Akuba enieni salabadira zimenezo, koma makampani olongosoka amasiya.

NaPhiri_Leicester
Zikomo nonse, tawerengera limodzi ndi bambo a kunyumba usiku uno. Tagwirizana kuti foni tiisunga, koma ya kampani yomweyi, yongolipira tikaimba, popanda phukusi la mphindi zaulere chifukwa ntchito yake ndi kulandira ndi kuti ana atipeze. Kabatire ka rauta tigula, foni yachingwe ilipo kale m'kabati. Amayi ndiziwaimbirabe pa app ngati kale. Kontrakiti ikadzatha, wamkuluyu adzakhala ali ndi foni yake, tidzaonanso ngati ikufunikabe.

A Injiniya, funso lomaliza: kuchipinda cham'mwamba kuli soketi ina ya foni. Imeneyo izigwirabe?

Injiniya_Wopuma
Ayi mayi, masoketi a pakhoma onse amafa, pokhapokha mmisiri atalumikizanso mawaya a m'nyumba ku rauta. Chosavuta ndi kugula foni yopanda chingwe yokhala ndi zonyamula ziwiri: pokhalira pake pakhale pafupi ndi rauta, chinacho m'mwamba pa soketi ya magetsi wamba. Makampani ena amaperekanso ka adaputala kotero, afunseni musanagule. Tsiku limene akusinthani, imbani kuchokera pa ya m'manja muone ngati ikulira, kenako zimitsani magetsi a rauta pakhoma muone ngati kabatire kakunyamula.